Makina oyezera chisokonezo cha mafunde akachulukiridwa: nambala yoona ndi iti?

Funso lafika kuchokera kwa bambo wina wa ku Kapata, kuno ku Chipata, amene amaika ndi kukonza mainvata a sola. Akuti kuyambira m'chaka cha 2024, pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku, makasitomala awo achuluka, koma achulukanso madandaulo akuti invata ikangoyaka wailesi ya m'nyumba imayamba kusokosera. Pofuna kudziwa mainvata amene ali ndi vutoli, anagula spectrum analyzer (makina oonetsa pa sikirini mphamvu ya mafunde pa frequency iliyonse ngati mizere) yogwirapo kale ntchito pamodzi ndi LISN (bokosi lotapira chisokonezo chimene chipangizo chikutumiza m'zingwe za magetsi) ndi eriyo yoyezera. Funso lawo ndi ili: "Ndikayeza invata imodzimodzi, attenuation ili pa 0 dB, ndimaona mizere yambiri yodutsa malire ololedwa. Ndikaiika pa 10 dB, mizere ina imatsika kwambiri, ina imakwera pang'ono. Ndikayeza ndi eriyo ndimaona mizere pafupi ndi 200 MHz ngakhale invata itazima. Chizindikiro cha overload, chochenjeza kuti makina achulukiridwa, sichiyaka. Kodi makinawa ndi owonongeka, nanga nambala yoona ndi iti?"

Bambo, zimene mwafotokozazi sizikusonyeza kuti makina anu ndi owonongeka. Zikusonyeza kuti akulandira mphamvu yoposa imene gawo lawo loyamba lingathe kunyamula, ndipo akachulukiridwa chotere amayamba kupanga mizere yawoyawo ndi kuchepetsa mizere yeniyeni. Mwachita bwino kuyeza kawiri, chifukwa anthu ambiri amayeza kamodzi, n'kukhulupirira zimene aona, n'kuyamba kusintha makapasita a invata imene mwina inalibe mlandu.

Tiyambe ndi mmene makinawa anapangidwira mkati. Chizindikiro, ndiye kuti mafunde amene mukuyeza, chikalowa pa khomo la makina chimadutsa pa attenuator, imene ntchito yake ndi kuchepetsa mphamvu ndi mlingo wodziwika (mlingo umenewu ndiwo attenuation, ndipo umayezedwa mu dB), kenako chimafika pa mixer yoyamba, imene imasamutsira frequency imene mukufuna kuona pamalo pamene sefa yopapatiza ili. Sefa imeneyi ndiyo zenera limene inu mumayang'anirapo. Muyezo wa CISPR 16-1-1, umene umafotokoza mmene makina oyezera chisokonezo ayenera kukhalira, unaika zenera la 200 Hz kuyambira pa 9 kHz kufika pa 150 kHz, la 9 kHz kuyambira pa 150 kHz kufika pa 30 MHz, la 120 kHz kuyambira pa 30 MHz kufika pa 1000 MHz, ndi la 1 MHz kupitirira pamenepo. Mfundo yofunika kuigwira ndi yakuti zenera lili kumbuyo kwa mixer, osati kutsogolo kwake. Inu mumaona kachigawo ka 9 kHz kokha, pamene mixer ikusenza zonse zimene zalowa pa khomo nthawi imodzi, ngakhale zimene sizikuoneka pa sikirini chifukwa zili kunja kwa malire amene mwasankha. Spectrum analyzer wamba ilibe sefa yosankhiratu patsogolo pa mixer m'ma frequency otsikawa, pamene EMI receiver yeniyeni, imene inapangidwira kuyeza chisokonezo, ili nayo, ndipo imatchedwa preselector. Kusiyana kwa mtengo wa makina awiriwa kumachokera kwambiri pamenepo.

Mixer ikalemedwa pamachitika zinthu ziwiri, ndipo zonse ziwiri mwaziona. Choyamba chimafanana ndi sikelo yopachika imene ogula mtedza ndi soya amayenda nayo m'midzi. Ngati sikeloyo inapangidwa kuti ifike pa makilogalamu 50 ndipo mwaipachika thumba la makilogalamu 70, muvi wake umaima pafupi ndi pothera, ndipo amene sakudziwa amalemba 50. Mixer nayonso ikayandikira pothera imasiya kutsatira mphamvu yolowa, ndipo opanga makina amalemba mlingo umene imayamba kuperewera ndi 1 dB. Choipa kwambiri n'chakuti chizindikiro chimodzi champhamvu chimatsitsa mphamvu imene mixer imatulutsa pa zizindikiro zonse, kotero kuti mzere waung'ono umene mukuuyeza pa 600 kHz umaoneka wotsika chifukwa cha chinthu china champhamvu chimene chili pa 40 kHz, kumene simukuyang'anako n'komwe. Mizere yanu imene inakwera mutawonjezera attenuation ndi imeneyi. Inali yopanikizidwa, ndipo nambala yapamwambayo ndiyo ili pafupi ndi zoona. Cholakwika chimenechi chimandidetsa nkhawa kuposa china chilichonse, chifukwa chimapambanitsa chipangizo chimene chinayenera kulephera, ndipo munthu akapeza yankho lomusangalatsa sabwereranso kukafufuza.

Chachiwiri ndi kubereka mizere yabodza. Mixer yolemedwa imapotoza mafunde, ndipo funde lopotoka limakhala ndi ma harmonic, ndiye kuti ma frequency owirikiza kawiri, katatu ndi kupitirira. Zizindikiro zamphamvu zikakhala ziwiri zimasakanikirana n'kubereka ana pamalo pamene panalibe kanthu. Tiyerekeze kuti pali mawailesi awiri, ina pa 95 MHz ndi ina pa 100 MHz. Mixer yolemedwa idzakuonetsani mizere pa 190 MHz, pa 200 MHz ndi pa 195 MHz, imene ndi kuwirikiza ndi kuphatikiza kwa ziwirizo, idzakuonetsaninso pa 90 MHz ndi pa 105 MHz, imene imachokera pa kuwirikiza imodzi n'kuchotsapo inzake. Mawailesi a FM onse ali pakati pa 87.5 MHz ndi 108 MHz, choncho kuwirikiza kwawo kumagwera pakati pa 175 MHz ndi 216 MHz. Mizere yanu ya pafupi ndi 200 MHz, imene siichoka invata ikazima, ili pakati penipeni pa chigawo chimenechi.

Mwina mungafunse ngati mawailesi angakhale amphamvu chotere pamene ali kutali ndi shopu yanu. Chipata ndi tauni yozunguliridwa ndi mapiri, milongoti ili pafupi ndi anthu, ndipo masiteshoni amene akuulutsa mwalamulo alibe mlandu uliwonse pa nkhaniyi. Tiwerengere limodzi. Siteshoni yotulutsa mphamvu ya 1 kW mofanana mbali zonse, pa mtunda wa makilomita awiri popanda chotchinga, imapereka pafupifupi 0.087 V pa mita, ndiye kuti pafupifupi 99 dBµV/m. Malire a zipangizo za m'nyumba za gulu B, pa mtunda wa mamita 10, ndi 30 dBµV/m kuyambira pa 30 MHz kufika pa 230 MHz, ndi 37 dBµV/m kuchoka pamenepo kufika pa 1000 MHz. Ndiye kuti mukufunafuna chinthu chimene chili pansi ndi pafupifupi 70 dB poyerekeza ndi mnansi wake. Ngati eriyo yanu ili ndi antenna factor ya 10 dB (nambala imene mumachotsa pa mphamvu ya mafunde kuti mudziwe zimene eriyo ikutulutsa), pa khomo la makina pafika 89 dBµV. Mu makina a 50 ohm, 0 dBm (dBm ndi njira ina yolembera mphamvu) ndi 107 dBµV, choncho pamenepa pali −18 dBm. Mukayatsa preamplifier (chokulitsa chizindikiro) ya 20 dB kuti muone mizere ing'onoing'ono, mixer ilandira +2 dBm kuchokera ku siteshoni imodzi yokha, mlingo umene pa makina ambiri uli kale m'dera la kupanikizika, ndipo mizere yabodza imayamba kuoneka kalekale musanafike pamenepo.

Mayeso amene mwachita mosadziwa aja ndiwo mayeso ovomerezeka, ndipo ndi bwino kumvetsa masamu ake. Mukawonjezera 10 dB pa attenuator ya mkati, makina amabwezera 10 dB yomweyo pa nambala imene amaonetsa, kotero kuti mzere weniweni, wochokera kunja, susuntha, kupatula kachigawo kochepa ka dB imodzi. Mzere wabodza wa kuwirikiza kawiri umatsika ndi 20 dB mkati mwa mixer pamene mphamvu yolowa yatsika ndi 10 dB, ndipo pa sikirini umaoneka utatsika ndi 10 dB. Wabodza wa gawo lachitatu, monga wa pa 90 MHz ndi 105 MHz uja, umatsika ndi 30 dB mkati ndipo pa sikirini umaoneka utatsika ndi 20 dB. Mzere wopanikizidwa umakwera. Phokoso la makina enieniwo, udzu wa pansi pa sikirini uja, limakwera ndi 10 dB. Chotero pitirizani kuwonjezera attenuation, 10 dB nthawi iliyonse, kufikira mutapeza masitepe awiri otsatizana amene akupereka nambala imodzi, ndipo nambala imeneyo ndiyo mungailembe. Ndikulangizaninso kuti mukhale ndi attenuator yakunja ya 10 dB ndi kuilumikiza kutsogolo kwa zonse, patsogolo pa preamplifier yakunja kapena limiter (kachipangizo kodula nsonga zoopsa za magetsi) ngati muli nazo, chifukwa attenuator ya mkati siingaulule chinyengo chimene chachitika chizindikiro chisanafike pa khomo la makina. Poyeza ndi yakunjayo mizere yeniyeni iyenera kutsika ndi 10 dB ndendende.

Za chizindikiro cha overload chimene sichiyaka, dziwani kuti pa makina ambiri chimayang'anira mphamvu imene yadutsa kale pa masefa a mkati, pafupi ndi gawo losandutsa chizindikiro kukhala manambala. Mphamvu imene ikulemetsa mixer kuchokera kunja kwa zenera siifika pamenepo. Chikayaka chikhulupirireni, koma kusayaka kwake si umboni wakuti zonse zili bwino.

Tsopano tibwere ku LISN, kumene kuli gwero lalikulu la mavuto anu. Invata imadula ndi kulumikiza magetsi maulendo zikwi makumi angapo pa sekondi, ndipo frequency yoyambira imeneyi imakhala pansi pa 150 kHz, kumene mayeso a zingwe amayambira. Simuiona pa sikirini chifukwa mwayambira pa 150 kHz, koma nthawi zambiri ndiyo yamphamvu koposa zonse. Palinso 50 Hz ya magetsi enieniwo. LISN imene ili ndi kapasita ya 0.1 µF pakati pa chingwe cha 230 V ndi khomo loyezera imadutsitsa pafupifupi 0.36 V ya 50 Hz pa 50 ohm, ndiye kuti 111 dBµV, pokhapokha ngati mkati mwake muli sefa ina yoichotsa. Yerekezani ndi malire a gulu B pa zingwe, amene pa njira yoyezera yotchedwa quasi-peak, imene ndiifotokoza kutsogoloku, amatsika kuchoka pa 66 kufika pa 56 dBµV pakati pa 150 kHz ndi 500 kHz, n'kukhala 56 dBµV kufika pa 5 MHz, kenako 60 dBµV kufika pa 30 MHz, pamene a average, njira yoyeza mlingo wapakatikati, ali pansi pa amenewa ndi 10 dB. Musanayambe mayeso enieni, tsegulani sikirini kuyambira pa frequency yotsika koposa imene makina anu angafike, attenuation ili pamwamba, kuti muone chimphona chimene chabisala kumeneko.

Mtundu wa chisokonezo cha invata umawonjezera vuto lina limene ambiri salidziwa. Kudula magetsi mofulumira kumatulutsa timaphaliphali tating'onoting'ono ta mphamvu, ndipo kaphaliphali kafupi kamamwaza mphamvu yake pa ma frequency ambiri nthawi imodzi. Msinkhu umene kamafika umakula molingana ndi kukula kwa njira imene kakudutsamo. Ngati khomo latsegukira 30 MHz yonse pamene zenera ndi la 9 kHz, kusiyana kwake ndi maulendo oposa 3300, ndiye kuti pafupifupi 70 dB. Choncho pamene sikirini ikuonetsa 50 dBµV, nambala yooneka yofatsa ndi yapansi pa malire, mixer ingakhale ikumenyedwa ndi nsonga za 120 dBµV, ndiye volti yathunthu, ngati timaphaliphalito ndi tafupi mokwanira kudzaza chigawo chonsecho. Preselector imene imapanikiza njirayo kufika pa 2 MHz imachotsa pa mixer pafupifupi 23 dB ya katunduyu popanda kusintha nambala imene mukuyeza. Apa ndi pamene attenuator yokha siingafanane ndi sefa, chifukwa attenuator imachepetsa zonse, zofunika ndi zosafunika, pamene sefa imachotsa zosafunika zokha.

Quasi-peak imapangitsa nkhaniyi kukhala yovuta koposa. Bungwe la CISPR linayamba m'chaka cha 1934 pofuna kuteteza omvera wailesi, ndipo quasi-peak inapangidwa kuti itsanzire khutu la munthu, limene limanyansidwa kwambiri ndi phokoso lobwerezabwereza kuposa kuthetheka kwa apo ndi apo. Pakati pa 150 kHz ndi 30 MHz imadzaza m'nthawi ya 1 ms n'kutaya m'nthawi ya 160 ms, ndipo pakati pa 30 MHz ndi 1000 MHz imadzaza mu 1 ms n'kutaya mu 550 ms. Zotsatira zake n'zakuti timaphaliphali tobwera patalipatali timapereka nambala yotsika kwambiri poyerekeza ndi msinkhu wake weniweni, komabe zigawo zonse za patsogolo ziyenera kunyamula msinkhu wonsewo popanda kupotoza. N'chifukwa chake muyezo umafuna kuti zigawo za patsogolo pa detector, gawo limene limatulutsa nambala yooneka, zikhale ndi malo otsala a 30 dB pamwamba pa nambala yaikulu yooneka m'chigawo cha 150 kHz kufika pa 30 MHz, ndi 43.5 dB m'chigawo cha 30 MHz kufika pa 1000 MHz. Spectrum analyzer ingakhale ndi batani lolembedwa quasi-peak koma yopanda malo otsala amenewa, ndipo pa timaphaliphali tochedwa kubwereza imapereka nambala yotsika kuposa yoona.

Mudzamva anthu akukulangizani kuti mugule transient limiter, ndipo ine ndikuvomereza, koma ndi chenjezo lochokera pa zimene zinandichitikira. Ndinkayeza chaja ya mabatire imene inkalephera pang'ono pakati pa 200 kHz ndi 400 kHz. Ndinasintha makapasita a sefa yake kawiri, ndinakulunganso koilo, ndipo mizereyo inkangogwedezeka osatsika. Tsiku lachitatu ndinalumikiza attenuator ya 10 dB pakati pa LISN ndi limiter, ndipo mizere itatu imene inandivutitsa inagwa ndi pafupifupi 20 dB m'malo mwa 10. Ma diode a mu limiter, amene ntchito yawo ndi kudula nsonga zoopsa, ankadulanso frequency yoyambira ya chajayo, n'kubereka ma harmonic amene sanali m'chipangizocho. Mwini chaja anadikira masiku atatu pachabe, ndipo zinandipweteka. Kuyambira pamenepo ndimaika sefa yodutsitsa za pamwamba pa 150 kHz zokha patsogolo pa limiter nthawi iliyonse imene ndikuyeza chipangizo chodula magetsi mwamphamvu. Limiter musaichotse, chifukwa nsonga imene imatuluka mu LISN poyatsa kapena pozimitsa chipangizo imatha kuotcha mixer kamodzi n'kamodzi, ndipo kuno kumene magetsi amatha kuzima ndi kubwera mosachenjeza ngozi imeneyi ndi yaikulu. Chotsani chingwe pa khomo la makina musanayatse kapena kuzimitsa invata, ndipo LISN ikhale yolumikizidwa bwino ku nthaka musanaipatse magetsi, chifukwa makapasita ake amadutsitsa mphamvu yokwanira kuvulaza munthu.

Attenuation nayonso ili ndi malire ake, ndipo musaganize kuti kuiwonjezera kopanda polekezera ndiko kuyeza bwino. Sitepe iliyonse ya 10 dB imakweza phokoso la makina ndi 10 dB, ndipo phokoso likayandikira mzere limaukweza. Mukaphatikiza mphamvu, chizindikiro chofanana ndi phokoso chimaoneka chokwera ndi 3 dB, chimene chili pamwamba pa phokoso ndi 6 dB chimakwera ndi pafupifupi 1 dB, ndipo cha 10 dB pamwamba chimakwera ndi 0.4 dB yokha. Mwambo wa m'malaboretale ndi wakuti phokoso likhale pansi pa malire ndi 6 dB kapena kuposerapo. Pa mayeso a zingwe zimenezi n'zosavuta, chifukwa malire ali pamwamba ndipo 20 dB kapena 30 dB ya attenuation imasiyabe mpata. Pa mayeso a eriyo mpata ndi wochepa, ndipo kumeneko njira yabwino ndi sefa yotsekereza chigawo cha FM chokha, yoikidwa pakati pa eriyo ndi preamplifier. Mukaiika, mizere ya pafupi ndi 200 MHz iyenera kuzimiririka ngati inali yobadwira m'makina, ndipo ikatsala ndiye kuti ndi mafunde enieni a mumlengalenga, amene muyenera kuwalemba invata itazima kuti musawaike pa mutu wa invata. Kumbukirani kuti sefa iliyonse imadya pang'ono ngakhale m'chigawo chimene ikudutsitsa, choncho muyeze kutaya kwake ndi kwa zingwe zanu n'kukubwezera pa nambala.

Ngakhale zonsezi zitakonzedwa, nambala yanu siidzakhala yangwiro, ndipo ndi bwino kudziwa kukula kwa chikayiko chimene ngakhale malaboretale aakulu amakhala nacho. CISPR 16-1-1 imalola makina kulakwa ndi 2 dB mbali iliyonse pa funde losalala pansi pa 1 GHz. CISPR 16-4-2 imaika chikayiko cha mayeso onse pa 3.4 dB pa zingwe pakati pa 150 kHz ndi 30 MHz, ndi 6.3 dB pa mayeso a eriyo pakati pa 30 MHz ndi 1000 MHz. Manambala amenewa amawerengedwa poganiza kuti makina sanachulukiridwe. Cholakwika cha kuchulukiridwa sichili m'kati mwake, chifukwa sichingawerengedwe n'kubwezeredwa, chimangofunika kupewedwa. Makina anu ndi ogula kwa wina, choncho ndi bwino kuwayesa ndi jenereta ya chizindikiro yodziwika mlingo wake pa ma frequency angapo ndi pa masitepe onse a attenuator, popeza attenuator imene inapsapo sitepe imodzi imaperekanso manambala osagwirizana, koma kulakwa kwake kumakhala kofanana pa mizere yonse, pamene kwanuku mizere ina yatsika ndipo ina yakwera.

Pa ntchito imene mukufuna, yosiyanitsa invata yosokosera ndi yabata ndi kuona ngati sefa imene mwaika yathandiza, makina anu ndi okwanira, malinga mukayeza mainvata onse pa tebulo limodzi, ndi zingwe zomwezo, katundu wofanana ndi masetingi amodzi. Satifiketi yakuti chipangizo chakwaniritsa muyezo ndi ntchito ya laboretale yovomerezeka, ndipo madandaulo a chisokonezo chimene chikuwononga mauthenga a wailesi kapena a foni kwa anthu ena amapita ku ZICTA, imene imayang'anira mafunde m'dziko muno. Invata imene munaiyeza ija muiyezenso motere: sefa ya 150 kHz pa LISN, limiter pambuyo pake, preamplifier yozimitsa, detector ya peak (yoonetsa nsonga yapamwamba koposa) poyamba, attenuation pa 20 dB kenako pa 30 dB. Mizere imene yaima pamalo amodzi pa masitepe onse awiri ndi ya invata, ndipo ndi yokhayo imene muyenera kuibwereza ndi quasi-peak ndi average musanatsegule bokosi lake ndi kuyamba kusintha makapasita.